Galimoto ya magetsi kapena ya dizilo: zoyenera kuwerengera musanatulutse ndalama

Kusowa kwa mafuta kwa zaka zapitazi kwachititsa kuti anthu ambiri amene sankalabadira za galimoto za magetsi ayambe kufunsa mitengo yake. Amene anagonapo pa mzere wa dizilo sangadabwe nazo. Komabe musanayambe kuona zithunzi za galimoto pa intaneti, yankhani kaye mafunso awiri. Galimoto yanu imagona pati usiku, ndipo pamalopo pali soketi yanuyanu? Nanga tsiku wamba imayenda makilomita angati? Amene ali ndi mpanda wake, mita yake ya ESCOM, ndipo amangozungulira mu Lilongwe kapena mu Blantyre makilomita 30 mpaka 70 pa tsiku, magetsi angamukomere kwambiri. Amene amaimika galimoto pabwalo la eni, kapena sabata iliyonse ali pa M1 ndi katundu kumbuyo, dizilo akadali wake.

Kuwerengera malita ndi mayunitsi

Yunitsi imodzi ya pa mita ndi 1 kWh, ndipo muyeso womwewu ndi umene amayezera kukula kwa batire la galimoto. Galimoto yaing'ono ya magetsi monga Nissan Leaf imadya 15 mpaka 18 kWh pa makilomita 100. Potchaja, magetsi ena amatayika ngati kutentha, pafupifupi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse, choncho inu werengerani mayunitsi 20 pa makilomita 100. Galimoto ya dizilo ya msinkhu womwewo imamwa malita 6 kapena 7 pa mtunda umenewu. Toyota Hilux kapena Ford Ranger imamwa malita 9 kapena 10, ndipo imaposa apo ikasenza.

Mitengo ya mafuta ndi magetsi amailengeza ndi a MERA ndipo imasinthasintha, n'chifukwa chake ndi bwino kusunga m'mutu kawerengedwe kake m'malo moloweza makwacha. Tengani risiti ya mayunitsi, gawani ndalama zimene munalipira ndi chiwerengero cha mayunitsi amene munalandira. Gwiritsani ntchito risiti ya kugula kwachiwiri m'mwezi, popeza mayunitsi oyambirira a pakhomo amakhala otsikirako mtengo, pomwe galimoto idzakhala ikudya a mtengo wokwerawo. Kenako yerekezani mayunitsi 20 ndi malita 7. Mwachidule, ngati ndalama ya lita imodzi ya dizilo ikugula mayunitsi oposa atatu, magetsi ndiwo otchipa pa kilomita iliyonse. Kuno kwathu lita imodzi yakhala ikugula mayunitsi ochuluka kuposa pamenepo, ndiye pa mbali ya mafuta yokha mpikisano palibe.

Tiyerekeze munthu woyenda makilomita 40 pa tsiku, masiku 300 pa chaka. Amenewo ndi makilomita 12,000, omwe ndi malita 840 a dizilo kapena mayunitsi 2,400. Chulukitsani ndi mitengo ya lero, chotsani, ndipo yotsalayo ndi ndalama imene mungapulumutse pa chaka. Isungeni nambala imeneyi, chifukwa ndiyo idzalipire kusiyana kwa mtengo wogulira, mawaya a kunyumba, komanso batire likadzatha. Ngati mumayenda makilomita 5,000 okha pa chaka, ndalamayo idzakhala yochepa moti sidzabweza msanga zimene mwawononga.

Batire ndilo galimoto

Pa galimoto ya magetsi yogwiritsidwapo kale ntchito, utoto wowala ndi mipando yoyera n'zosafunika kwenikweni. Chimene mukugula ndi batire. Tikamba za Leaf chifukwa ndi imene imapezeka mochuluka pa misika ya galimoto zakale ku Japan, komwe Amalawi ambiri amaitanitsa. Zoyambirira, zimene zinayamba kutuluka mu 2010, zili ndi batire la 24 kWh. Kenako kunabwera la 30 kWh, ndipo kuyambira 2017 thupi latsopano lili ndi 40 kWh. Palinso ya 62 kWh imene inatuluka mu 2019. Batire la 24 kWh likadali latsopano linkayenda makilomita 120 kapena kuposerako pang'ono. La 40 kWh limapitirira makilomita 200.

Batire limafooka ndi zaka, ngakhale galimoto itangokhala osayenda. Pa dashibodi ya Leaf yakale, kumanja kwenikweni, pali timizere tating'ono 12 tosonyeza thanzi la batire. Musatisokoneze ndi mizere italiitali yoyandikana nato, imene imangosonyeza kuti mwatchaja kufika pati. Pa ya 2017 kupita mtsogolo, timizereti timapezeka mu menyu ya pa dashibodi. Kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pa 85 peresenti, ndipo kenako kalikonse kamaimira pafupifupi 6 peresenti. Choncho Leaf ya 24 kWh ya timizere 9 yatsala ndi mphamvu pafupifupi 70 peresenti, kutanthauza makilomita 80 kapena 90 pa msewu wabwino, osayatsa eyakoni. Imeneyi ingakufikitseni ku Zomba kuchokera ku Blantyre, koma siingabwerere osatchaja.

Timizere tokha musatikhulupirire, popeza pali ogulitsa ena osakhulupirika amene amafufuta mbiri mu kompyuta ya galimoto kuti tonse 12 tiyakenso. Pemphani lipoti la LeafSpy. Iyi ndi pulogalamu ya pa foni yolumikizana ndi kachipangizo kotchipa ka OBD2 kamene amakalowetsa pansi pa chiwongolero. Onanipo zinthu zitatu. Choyamba ndi SOH, thanzi la batire mu peresenti: yochepera 75 pa batire la 24 kWh isiyeni, pokhapokha ngati maulendo anu ndi a pafupi kwambiri. Chachiwiri ndi kusiyana kwa mphamvu pakati pa maselo, kumene kumalembedwa mu mV, timagawo tating'ono ta voti. Batire la Leaf lili ndi magulu 96 a maselo, ndipo selo imodzi yofooka imatha kuzimitsa galimoto pa chitunda ngakhale dashibodi ikuti mphamvu zilipo. Kusiyana kukakhala kochepa, mwachitsanzo kosafika 30 mV galimoto itaima, zili bwino. Kukamathamangira ku mazana batire likatsika, m'katimo muli selo yodwala. Chachitatu ndi chiwerengero cha QC, maulendo amene inatchajidwa mothamanga. Chikachuluka kwambiri poyerekeza ndi makilomita, batirelo lakhala likutenthedwa pafupipafupi. Ngati galimoto ili kale m'dziko muno, itchajeni mpaka kudzaza, muiyendetse makilomita 40 pa msewu wokhala ndi chitunda, muone mmene peresenti ikugwera. Mayeso amenewa wogulitsa sangawanamize.

Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha, ndipo apa Leaf ili ndi chilema: batire lake lilibe madzi kapena fani yoliziziritsa. Ku Mzuzu, ku Dedza kapena ku Zomba izi sizivuta kwenikweni. Ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kufika madigiri 40, batire lotere limakalamba msanga. Amene amakhala ku malo otentha afunefune galimoto yokhala ndi batire loziziritsidwa ndi madzi, kapena ya batire la mtundu wa LFP monga limene BYD imaika m'galimoto zake zambiri, lomwe limapirira kutentha komanso kudzazidwa kufika 100 peresenti. Kulikonse kumene muli, imikani galimoto pamthunzi, musaisiye itadzaza kwa masiku ambiri osayenda, ndipo musaigoneke itatheratu. Pa Leaf, kuyenda pakati pa 20 ndi 80 peresenti masiku ambiri kumatalikitsa moyo wa batire.

Kutchaja kunyumba

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230V ndipo soketi wamba ndi ya 13A. Tchaja yonyamula m'manja imakoka 10A, yomwe ndi 2.3 kW. Pa ola lililonse imabwezera makilomita 11 kapena 12. Woyenda makilomita 50 pa tsiku akufuna mayunitsi 10, omwe ndi maola anayi ndi theka. Apa ndi pamene ambiri amaopera kuzimazima kwa magetsi kuposa mmene kuyenera kuopedwera. Galimoto siifuna magetsi tsiku lonse, imangofuna maola anayi kapena asanu, ndipo usiku pakati, anthu atazimitsa makuka, ndi pamene magetsi amakhazikika. Chofunika ndi chizolowezi choilumikiza usiku uliwonse osadikira kuti itheretu, kuti tsiku limene magetsi azime usiku wonse mukhale ndi zotsalira za dzulo. Vuto lenileni ndi kuzima kwa masiku angapo, monga thiransifoma ya m'dera lanu ikapsa kapena kubedwa. Kumbukiraninso kuti magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Banja la galimoto imodzi yokha liganizire bwino zimenezi.

Soketi imene mumaikapo ketulo kwa mphindi zisanu si yofanana ndi yokoka 10A kwa maola asanu ndi atatu. Masoketi otchipa amatentha, timano tam'kati timalefuka, pulasitiki imasungunuka, ndipo moto umayambira pamenepo. Itanani katswiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso akukokereni waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabreka mpaka poimika galimoto. Pa soketi ya 13A kapena 16A waya wa 2.5 mm² amakwana ngati mtunda ndi waufupi, koma ukapitirira mamita 25 ikani wa 4 mm². Pakhale breka yakeyake ndi chotetezera cha 30 mA chimene chimadula magetsi akayamba kuthawira pansi. Muuzeni ayezenso earth ya nyumba, waya wachitetezo wolowa m'nthaka. Nyumba zambiri zili ndi earth ya dzina lokha, ndipo tchaja yabwino ikaona kuti earth palibe imangoyatsa getsi lofiira n'kukana kugwira ntchito. Ekisitenshoni ya mu shopu musagwiritse ntchito ngakhale tsiku limodzi. Sabata yoyamba, pakatha ola limodzi mukutchaja, khudzani pulagi ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino, koma ikatentha moti simungaigwire, zimitsani nthawi yomweyo. Ikaninso chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa nthawi imene magetsi akuyaka atazima ndi imene zipangizo zimapsa.

Tchaja ya pakhoma ya 7 kW imakoka 32A ndipo imafuna waya wa 6 mm² kapena woposa. Musanaigule onani zinthu ziwiri: ngati breka yaikulu ya nyumba ingapirire kuka, gizala ndi galimoto nthawi imodzi, komanso kuti galimotoyo imalandira mphamvu zochuluka bwanji. Leaf zambiri za ku Japan zimalandira pafupifupi 3 kW basi, ngakhale muzilumikize ku tchaja yaikulu motani, ndiye ndalamayo ingangopita pachabe.

Mapulagi nawo ndi osiyana. Galimoto za ku Japan zili ndi Type 1 yotchajira pang'onopang'ono ndi CHAdeMO yotchajira mothamanga. Zambiri za ku Ulaya ndi ku South Africa zili ndi Type 2 ndi CCS2. Zopangidwira msika wa m'dziko la China zili ndi GB/T, ndipo chiwongolero chake chimakhala kumanzere. Tchaja imene imabwera m'buti ya galimoto ya ku Japan inapangidwira magetsi a 100V kapena 200V, ndipo pulagi yake siilowa m'soketi zathu. Musangodula pulagiyo n'kuikapo ina. Gulani tchaja yolembedwa 230V kapena 240V ya Type 1, makamaka yolola kusankha 8A, 10A kapena 13A.

Za jenereta ndi sola

Kutchaja ndi jenereta kumachotsa phindu lonse. Jenereta yaing'ono imatulutsa mayunitsi awiri kapena atatu pa lita, ndiye mayunitsi 20 aja amafuna malita 7 mpaka 10, ofanana kapena oposa amene galimoto ya dizilo ikanamwa. Ndi njira ya pangozi basi, ndipo majenereta ambiri tchaja imawakana chifukwa cha earth yomwe ija.

Sola ndi nkhani ina. Kuno mapanelo a 1 kW amapereka mayunitsi anayi kapena asanu pa tsiku ladzuwa. Mayunitsi 10 a galimoto amafuna mapanelo asanu kapena asanu ndi limodzi a 550W, kuwonjezera pa amene akudyetsa kale nyumba, ndi inveta yosachepera 5 kVA. Chimene anthu amaiwala n'chakuti dzuwa likamawala galimoto imakhala ili kuntchito. Kusunga magetsiwo m'mabatire a m'nyumba kuti mudzatchajire usiku kumafuna mabatire odula kwambiri. Sola imayenerera amene galimoto yake imaswera pakhomo masana, kapena kampani imene ingaike mapanelo pa denga la ofesi.

Maulendo ataliatali

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, ndipo ku Mzuzu ndi pafupifupi 350. Malo otchajira mothamanga a m'misewu akadali ochepa kwambiri, ndipo mukapezanso amodzi muyenera kutsimikiza kuti pulagi yake ikugwirizana ndi yanu. Leaf ya 40 kWh siingamalize ulendo umenewu osaima, ndipo kuidzaza pa soketi wamba kumatenga maola oposa 15. Liwiro limadyanso batire: pa 110 km pa ola mtunda umafupika kwambiri kuyerekeza ndi pa 80. Chitunda chimadya mowirikiza, ngakhale kuti potsetsereka galimoto imabwezera zina m'batire. Wotsika ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre adzaona peresenti isakutsika, mwinanso ikukwera, koma asapusitsike nazo, pobwerera chitunda chomwecho chidzalanda zonse ndi zina. Galimoto ya dizilo ya thanki ya malita 80 imayenda makilomita 800, ndipo mafuta owonjezera amanyamulika. Pa ntchito ya kumunda, kukoka ngolo, misewu ya matope ya m'dzinja ndi maulendo a maliro odzidzimutsa, palibe galimoto ya magetsi yotchipa imene ingalowe m'malo mwa pikapu ya dizilo.

Ndalama zobisika za dizilo

Injini za dizilo za masiku ano si zija zakale zimene zinkamwa chilichonse. Za common rail zimapopa mafuta pa mphamvu yoposa 1,600 bar kudzera m'timabowo tochepa kuposa nsonga ya singano. Kadontho ka madzi kapena fumbi zimawononga pampu ndi mainjekita, ndipo kukonza zimenezi ndi imodzi mwa ntchito zodula kwambiri pa galimoto. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi imene zimawonongeka mochuluka, chifukwa anthu amagula dizilo wa m'zigubu, wina wosakaniza ndi parafini amene sateteza pampu kuti isaperesike. Ngati mwakakamizika kugula wotere, muthireni kaye m'botolo loonekera, adikhe, muone ngati pansi pali madzi kapena zinyalala, ndipo thirani kudzera pa sefa. Sinthani fyuluta ya dizilo msanga kuposa mmene buku likunenera, ndipo getsi la madzi likayaka pa dashibodi tsegulani kampopi ka pansi pa fyuluta madziwo atuluke. Musamayendetse mpaka thanki kuuma, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi injini imavuta kulira ndipo pampu imazungulira youma.

Chachiwiri ndi DPF, sefa ya mwaye imene ili mu ekizozi ya galimoto zambiri za dizilo zochokera ku Japan ndi ku Britain. Imadziyeretsa yokha potentha mwayewo, koma imafuna injini yotentha bwino ikuyenda mphindi 20 kapena 30 osaimaima. Galimoto yongochoka ku Area 25 kupita ku City Centre n'kubwerera siipeza mpata umenewu. Sefayo imatsekeka, mphamvu zimachepa, ndipo dizilo wosapsa amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika, chifukwa chake n'chimenechi, ndipo Mazda CX-5 ya 2.2 dizilo imadziwika nalo vutoli. Galimoto yotere imafuna oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1 kapena C2 ndi C3 malinga ndi buku lake, komanso ulendo wa msewu waukulu kamodzi pa sabata kapena ziwiri. Kunena mosabisa, kugula dizilo wa DPF kuti azingoperekeza ana kusukulu ndi kulakwitsa kodula kuposa kugula ya magetsi. Amene akufuna galimoto ya m'tauni koma alibe potchajira, Toyota Aqua kapena Honda Fit ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire lodzitchaja lokha, ingamuthandize bwino kuposa ziwiri zonsezi.

Onjezerani sevisi. Ambiri kuno amasintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse chifukwa cha fumbi, ndipo injini ya pikapu imalowa malita 7 kapena kuposa. Palinso mafyuluta atatu, EGR (valavu yobwezera utsi mu injini) yodzaza mwaye, turbo, kilatchi, ndi lamba wa timing pa injini zimene zili naye. Ubwino wake ndi woti makaniko odziwa Toyota ya dizilo amapezeka pa boma lililonse, zipangizo zili m'mashopu, ndipo tsiku logulitsa ogula sasowa.

Galimoto ya magetsi ilibe oyilo wa injini, kilatchi kapena ekizozi, ndipo mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndi imene imachepetsa liwiro nthawi zambiri. Zotsala ndi matayala, amene amatha msangako chifukwa cha kulemera, mashoko ndi mabushi, mafuta a mabuleki, madzi oziziritsa inveta, oyilo wa m'kabokosi ka giya, ndi batire laling'ono la 12V. Limeneli ndilo limaimitsa galimoto zambiri za magetsi: likafooka galimoto siyaka ngakhale lalikulu litadzaza, ndipo dashibodi imadzaza mauthenga oopseza. Yambani mwayeza limenelo musanaganize zoipa. Batire lalikulu lili pansi pa galimoto, ndipo Leaf ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi, ndiye mahampu aatali ndi miyala muzidutsa mosamala. Ikafa panjira ikwezeni pa lole, osaikoka matayala akutsogolo akuzungulira, chifukwa mota imapanga magetsi amene angawononge inveta. Mawaya a mtundu wa olenji amanyamula mphamvu yoposa 350V, yokwana kupha munthu. Musalole aliyense wosaphunzira ntchitoyi kuwakhudza, ndipo musanagule dziwani kuti mumzinda mwanu ndani amene angatsegule batire n'kusintha selo.

Poitanitsa kunja

Galimoto zambiri za ku Japan zimatsikira ku Dar es Salaam n'kuyendetsedwa pa msewu kudzera pa Songwe, ulendo woposa makilomita 1,500 kukafika ku Lilongwe. Ya magetsi singayende choncho. Iyenera kukwezedwa pa lole yonyamula galimoto, ndipo mtengo wake mufunsiretu kwa okuthandizani pa doko musanalipire ku Japan. Funsaninso kampani ya sitima ngati ikulandira galimoto za magetsi zakale, popeza ena amazikana kapena amafuna batire likhale lotsika pokweza. Msonkho umasintha ndi bajeti ya boma, choncho pitani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka ndi chaka, mtundu ndi mtengo wa galimoto zonse ziwiri zimene mukuyerekeza, akuwerengereni polemba. A inshuwalansi afunseni ngati batire lili m'gulu la zotetezedwa likagundidwa pansi kapena kulowa madzi.

Pomaliza ikani pa pepala limodzi mtengo wofikira pakhomo wa galimoto iliyonse, mafuta kapena mayunitsi a zaka zisanu, sevisi, mawaya ndi tchaja, ndi ndalama imene mungaigulitse pakutha pa zakazo. Ku mbali ya magetsi, ngati SOH ili pansi pa 80, lembaninso mtengo wa batire lina pamodzi ndi wolibweretsera, chifukwa m'zaka zisanuzo mwina mudzalifuna. Galimoto ikafika, musanasaine kuti mwailandira, lumikizani OBD2 muone ngati SOH ikufanana ndi ya pa lipoti limene anakutumizirani, ndipo suzumirani pansi ngati chikuto cha batire sichinaphwanyike pokweza kapena potsitsa.